Kalawidwe ka wisiki wa ku Japan wa m'migolo ya mizunara

Chitchukireni wisiki wa ku Japan, funso limene limandipeza ndi limodzimodzi: "Ndili ndi botolo lolembedwa Mizunara, ndalawa, koma palibe chachilendo ndikumva. Kodi andipusitsa, kapena mphuno yangayi ndi yakufa?" Ndayankha pakamwa, ndayankha pa WhatsApp, mpaka malovu kuuma. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Nthawi zambiri mphuno yanu ilibe mlandu. Fungo la mizunara silibwera poyamba, komanso n'lovuta kulipeza mukamamwa tambula imodzi payokha. Limafuna poyerekezera, ndipo limafuna munthu wodekha.

Tiyambe tadziwa chimene tikusakacho. Mizunara ndi mtundu wa mtengo wa oak womera ku Japan, makamaka pachilumba cha Hokkaido ndi kumpoto kwa Honshu. Ntchito ya wisiki m'dzikomo idakhazikika mu 1923 pamene Shinjiro Torii adayamba kumanga fakitale ya Yamazaki, pakati pa Kyoto ndi Osaka, mothandizana ndi Masataka Taketsuru amene adakaphunzira kutcheza ku Scotland. Taketsuru pambuyo pake adakatsegula yakeyake ku Yoichi mu 1934. Migolo yogonekeramo wisiki ankadalira yochokera kunja. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatseka njira za malonda, adatembenukira ku mtengo wa kwawo chifukwa chosowa kolowera.

Mtengowu ndi mutu waukulu kwa amisiri. Sukula mowongoka, kotero kupeza thabwa lalitali lopanda mfundo ndi ntchito. Pamafunika zaka pafupifupi 200 kuti thunthu lake likwanire kupangira mgolo. Umasunga madzi ambiri moti matabwa amaumikidwa kwa zaka, ndipo ngakhale atauma, timabowo ta m'kati mwake sititsekeka bwino ngati ta oak wa ku America, choncho mgolo umadontha. Kuwonjezera apo, opanga mipando nawonso amalimbirana mitengo yomweyo. Otcheza a nthawi ya nkhondo adapeza kuti wisiki wogona zaka zochepa m'migolo yotereyi ankatuluka waukali, wonunkha matabwa, ndipo migoloyo ankangoitenga ngati yogwirizira. Adadzazindikira mochedwa kuti wisiki yemweyo akagona zaka 15, 20 kapena kuposa apo amasinthiratu: amatulutsa fungo la sandalwood ndi la zofukiza za m'makachisi, limene Ajapani amalifanizira ndi kyara, mtengo wonunkhira wodula kwambiri umene amafukiza pa miyambo yawo. Mfundo ya zaka imeneyi muisunge, chifukwa madandaulo ambiri gwero lake ndi pamenepo.

1. Werengani botolo musanalitsegule

Mawu akuti "single malt" amatanthauza kuti wisikiyo ndi wa chimera cha balere chokhachokha, wotchezedwa pafakitale imodzi. Satanthauza mgolo umodzi. Yamazaki wa zaka 12 ndi single malt, koma m'botolomo muli wisiki wochokera m'migolo ya oak wa ku America, ya sherry (vinyo wa ku Spain), ndi gawo la mizunara. Hibiki si single malt. Ndi wosakaniza wochokera m'mafakitale angapo a kampani ya Suntory, eni ake a Yamazaki. Ichiro's Malt Mizunara Wood Reserve ndi wa chimera chokha, koma wosakaniza. Chivas Regal Mizunara ndi wa ku Scotland. Onsewa ndi abwino kumwa, kungoti muzidziwa chimene mwagwira m'manja.

Kenako onani mawu amene ayandikana ndi Mizunara. Pakalembedwa "finish" kapena "cask finish", ndiye kuti wisikiyo wakhala moyo wake wonse m'migolo ina, n'kungosamutsidwira m'mizunara chakumapeto, mwina kwa miyezi yochepa. Pakalembedwa "matured in" kapena "aged in", pali chiyembekezo chakuti wagonamo nthawi yaitali, koma yang'ananinso zaka. Nambala ya zaka imene ili pabotolo ndi ya wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene asakanizidwa. Pakapanda nambala, musayembekezere zofukiza zambiri. Wisiki wamng'ono wa mizunara amakupatsani kokonati, zokometsera zoyabwa pang'ono, ndi fungo la thabwa laliwisi. Zimenezo ndi mizunara ndithu, koma asanakhwime.

Chachitatu, tsimikizani kuti ndi wa ku Japan. Kwa zaka zambiri munthu ankatha kugula wisiki ku Scotland kapena ku Canada, kumuthira m'botolo ku Japan, kulembapo zilembo za Chijapani, basi malonda ayenda. Pa 1 Epulo 2021, bungwe la Japan Spirits & Liqueurs Makers Association lidakhazikitsa mfundo zake, ndipo lidapereka nthawi mpaka pa 31 Malichi 2024 kuti mamembala akonze mabotolo awo. Wotchedwa "Japanese Whisky" ayenera kufululidwa ndi kutchezedwa ku Japan ndi madzi a komweko, kugona m'migolo yamatabwa ku Japan zaka zosachepera zitatu, kuthiridwa m'botolo ku Japan, ndipo mphamvu yake isatsike pansi pa 40 peresenti. Mfundozi zimamanga makampani a m'bungwelo, ndiye kunja kwake mukumanabe ndi mabotolo a zithunzi za samurai amene m'kati mwake muli wisiki wa kwina. Makampani achilungamo akasakaniza ndi wakunja amanena poyera, ena amalemba "world whisky".

Za akuba ndingonena mwachidule. Mabotolo opanda kanthu a Yamazaki ndi Hibiki amagulitsidwa pa intaneti, ndipo ogula ena amathiramo wisiki wina n'kuwagulitsa ngati enieni. Mtengo ukatsika modabwitsa, kapena chotsekera chikaoneka chogwiridwagwiridwa, lisiyeni.

2. Pezani wisiki wachiwiri woyerekeza naye

Apa ndi pamene anthu amandikanira, amati ndalama zathera pa botolo loyamba lija. Simukufunika botolo lathunthu. Kabotolo kakang'ono ka mamililita 50 kakwana, kapena kugawana ndi mnzanu. Chofunika ndi single malt wopanda utsi amene wagona m'migolo ya bourbon (wisiki wa ku America) yokha, monga Glenmorangie Original. Ameneyu ntchito yake ndi kukuonetsani zimene oak wa ku America amachita, kuti zotsalazo mu tambula inayo muzidziwe kuti zachokera kwina.

Ngati thumba silikulola single malt wa ku Japan pakali pano, phunzirirani pa Chivas Regal 12 ndi Chivas Regal Mizunara, amene amapezeka m'masitolo ena a pabwalo la ndege. Mizunara wake ndi wochepa, koma kusiyanako kumamveka. Amene muli ku London kapena ku Cape Town, njira yotchipa ndi kupita kubala ya wisiki n'kugula toti imodzi ya aliyense.

3. Phunzitsani mphuno lisanafike tsikulo

Simungazindikire fungo limene simunalimvepo. Olemba za wisiki akamati sandalwood amaganiza kuti aliyense adakulira pafupi nayo. Dzulo lake, sonkhanitsani tinthu izi patebulo: timitengo tofukiza ta sandalwood timene timagulitsidwa m'masitolo a amwenye, lubani pang'ono, kokonati wouma wopalapala, khungwa la sinamoni, ndi vanila wa makeke. Ngati m'nyumba muli kabokosi kakale ka mkungudza wa ku Mulanje, katseguleni mununkhize m'kati. Si sandalwood, koma kamakuphunzitsani fungo la thabwa lonunkhira louma, losatsekemera.

Timitengo tofukizato musatiyatse. Tinunkhizeni tili tozizira, chifukwa chimene mukachipeze m'wisiki ndi fungo la mtengowo, kapena la chipinda chimene mudafukizidwa dzulo, osati utsi wotentha. Mukatha, tulutsani zonsezi m'chipinda cholawiramo n'kusamba m'manja ndi sopo wosanunkhira.

4. Konzani malo, matambula ndi madzi

Tambula ikhale yotakata pansi, yopapatiza kukamwa. Ya Glencairn ndiyo yodziwika, koma kagalasi kakang'ono ka vinyo kagwira ntchito. Tambula yaifupi yotakata ija imamwaza fungo lonse. Mufunika matambula awiri ofanana, otsukidwa bwino. Anunkhizeni ali opanda kanthu: kabati yosungiramo ziwiya imasiya fungo lake, nsalu yopukutira mbale nayonso.

Madzi akhale a m'botolo, opanda mpweya, osazizira. A pampopi amakhala ndi kolorini, a pamjigo ena ali ndi mchere. Nthawi yotentha, monga mu Okutobala, dikirani madzulo kapena ikani botolo pamalo ozizirirapo kwa kanthawi; wisiki wofunda amaponya ukali wa mowa m'mphuno n'kuphimba zina zonse. Wabwino ndi wa madigiri 18 mpaka 20.

Chenjezo limene simulipeza m'malangizo a ku Ulaya: musayatse koyilo ya udzudzu. Utsi wake umafanana ndi zofukiza, ndipo mudzalumbira kuti mwapeza mizunara ngakhale m'tambula ya madzi. Pewaninso pefyumu, fodya, ndi ndiwo za kambuzi maola awiri musanayambe. Musalawe ndi njala, ndipo makiyi a galimoto akhale kutali.

5. Thirani, dikirani, nunkhizani

Mamililita 20 kapena 25 m'tambula iliyonse akwana. Vundikirani ndi kasosala, mudikire mphindi khumi. Wa zaka zambiri mungamupatse mphindi 15 kapena 20.

Yambani ndi woyerekezera uja. Musalowetse mphuno yonse ngati mukununkhiza vinyo. Pa 43 peresenti mphuno imachita dzanzi msanga. Ikani tambula pansi pa chibwano, muikweze pang'onopang'ono, milomo ili yotsegula pang'ono, mupume mwachizolowezi. Kawiri katatu, chotsani. Lembani mawu atatu oyamba amene abwera m'mutu, ngakhale aoneke opusa. Kenako nunkhizani dzanja lanu kapena malaya kuti mphuno ibwerere m'malo, mupite kwa wa ku Japan.

Poyamba mumva zipatso: mwina pichesi, mwina chinanazi, mwina malalanje ouma. Zimenezo kawirikawiri zimachokera ku kafululidwe ndi katchezedwe, osati kumgolo. Musakhumudwe, sitidafike.

Za maonekedwe a wisikiyo musataye nazo nthawi. Mfundo za 2021 zija zimalola kuthiramo karamelo wokometsera maonekedwe, ndiye kufiirira sikukuuzani zaka kapena mtundu wa mgolo.

6. Lawani, kenako thirani madzi

Kumwa koyamba ndi kodzutsa lilime chabe, musaweruzirepo. Kachiwiri, tengani pang'ono, kosakwana supuni yaing'ono, mukasunge m'kamwa masekondi khumi, kayende lilime lonse, mumeze.

Tsopano donthezani madzi, madontho atatu kapena anayi, zunguzani pang'ono, dikirani mphindi imodzi, nunkhizaninso. Pali anthu amene amaona ngati kuthira madzi m'wisiki wodula n'kumunyoza. Akatswiri osakaniza wisiki m'mafakitale amamusungunula mpaka pafupifupi 20 peresenti akamanunkhiza, ndipo m'mabala a ku Japan muli kamwedwe kotchedwa "twice up": wisiki ndi madzi osazizira muyeso wofanana, popanda ayezi. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi madontho, koma musanamalize mupatule pang'ono m'tambula ina muyese theka ndi theka. Botolo likalembedwa "cask strength", kutanthauza kuti sanamusungunule pomuchotsa mumgolo ndipo akhoza kupitirira 55 peresenti, madzi ndi okakamiza.

7. Patulani mizunara pakati pa zinzake

Iyi ndiyo sitepe imene ambiri amaidumpha. Amangokuuzani kuti "mumva sandalwood ndi zofukiza" ngati kuti fungolo lidzakugwirani chanza. Zoona zake n'zakuti m'tambulamo muli zinthu zitatu zimene zimanamizira mizunara, ndipo muyenera kuzichotsa chimodzichimodzi.

Chonamizira choyamba ndi kokonati. Oak wa ku America ndi mizunara onse ali ndi timadzi tachilengedwe totchedwa lactone timene timanunkhira kokonati. Ndiye kumva kokonati pakokha si umboni. Bwererani kwa woyerekezera uja: kokonati wake amabwera msanga, wotsekemera, wofewa, atagwirana ndi vanila. Wa mizunara amakhala wouma, wosatsekemera kwenikweni, ndipo amatsatana ndi kuyabwa kwa sinamoni kapena tsabola wakuda m'mbali mwa lilime. Sinthanani matambulawo kangapo mukungoganizira kokonati yekha, zina zonse muziiwale.

Chachiwiri ndi utsi. Mafakitale ena amaumitsa chimera ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene limayaka likauma. Yoichi amadziwika ndi utsi umenewu, Hakushu, fakitale ya Suntory ya m'mapiri a Yamanashi yotsegulidwa mu 1973, alinso nawo wochepa. Munthu amene wauzidwa kuti asake zofukiza akamva kautsi amadumpha kuti wapeza. Utsi wa peat umamveka pomwepo mukangonunkhiza, umakumbutsa phulusa ndi nkhuni zonyowa, ndipo umamatirira palilime. Zofukiza za mizunara zilibe phulusa. N'chifukwa chake pophunzira ndi bwino kuyamba ndi wisiki wopanda utsi.

Chachitatu ndi migolo ya sherry, imene imapereka mphesa zouma, chokoleti ndi zokometsera zotentha. Zokometserazo zimasokoneza chifukwa zimayandikana ndi za mizunara. Kusiyana kwake, za sherry zimabwera zitakutidwa ndi kutsekemera kolemera, ndipo zimamveka wisiki adakali m'kamwa.

Mukachotsa zitatuzi, chitani izi. Tengani pang'ono wisiki wothira madontho uja, sungani, mezani. Musalankhule, musatsegule pakamwa, musamwe madzi. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno. Masekondi oyambirira mumva kutentha ndi zipatso zikutha. Pitirizani kupuma choncho, muwerenge chamumtima mpaka 30 kapena 40. Kutsekemera kukazilala, kumbuyo kwa mphuno, chakumwamba kwa kummero, kumatsala kafungo kouma, konunkhira, kozizirira pang'ono, kofanana ndi timitengo tija mudanunkhiza dzulo. Chitani chimodzimodzi ndi woyerekezera: iye akamatha amasiya vanila, kenako zii. Mpata umene uli pakati pa mathero awiriwo ndiwo mizunara.

Anthu ambiri amalephera pano chifukwa cha macheza. Munthu wameza, nthawi yomweyo wayamba kufotokoza, kapena watola mtedza. Gwirizanani ndi anzanu kuti pakhale mphindi imodzi ya chete mukameza.

Mwa wisiki wamng'ono, m'malo mwa kafungo kaja mupeza kuuma m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, pamodzi ndi thabwa laliwisi. Lembani zimenezo momwemo. Mwapeza mtengowo, kungoti zaka zidachepa, ndipo palibe kalawidwe kamene kangawonjezere zaka zimene mgolo sudapatsidwe. Kunena mosabisa, pali mabotolo ena a "finish" amene dzinalo limagwira ntchito yaikulu kuposa mgolowo, ndipo mtengo wake sugwirizana ndi zimene zili m'kati.

8. Musatsuke tambula

Mukamaliza, vundikirani matambula onse awiri, muwasiye theka la ola, ngakhale mpaka m'mawa. Mowa ukauluka, zotsalira za mgolo zimakhala zokhazokha pagalasi. Amene adalephera pa sitepe 7 ambiri amadzapeza sandalwood apa, ndipo ukangomumva kamodzi, ulendo wotsatira umamupeza msanga m'tambula yodzaza.

9. Dziyeseni osaona

Dzina lodula limalowa m'mutu. Pa tsiku lina, pemphani wina athire matambula atatu inu mulibe: awiri a wisiki mmodzi, imodzi ya winayo, alembe pansi pake. Ntchito yanu ndi kutchula yosiyana ndi zinzake, kenako kunena ngati ili ya mizunara. Matambula awiri okha sakwanira chifukwa mukhoza kungolotera. Ngati mitundu ikusiyana moonekera, chepetsani kuwala. Mukalephera mobwerezabwereza ndi botolo lina lake, pamene ndi lina mumakhoza, vuto lili m'botolo, ndipo mwadziwa loti musadzagulenso.

10. Kamwedwe ka Ajapani ndi kasungidwe

Ku Japan wisiki amamwedwa kwambiri ndi chakudya, ndipo ali ndi mayina ake. Mizuwari ndi wisiki wothira madzi ozizira ndi ayezi, madzi kawiri kapena kuposerapo. Oyuwari ndi wa madzi otentha, wa m'nyengo yozizira. Highball ndi wa soda ndi ayezi wambiri m'tambula yaitali, ndipo ndi amene mumupeze paliponse m'malo odyera a ku Tokyo ndi Osaka. Pa atatuwa, oyuwari ndi amene ndingamuyese ndi wisiki wa mizunara, chifukwa kufunda kumakweza fungo la thabwa. Madziwo akhale otentha koma osawira. Kuzizira kumatseka fungo, ndiye highball mupangireni wisiki wamba. Mukadzapezeka ku Japan, fakitale ya Yamazaki ili ndi malo olawirako kumene mumalipira toti imodziimodzi, koma muyenera kusungitsa malo nthawi idakalipo, ndipo zaka zololedwa kumwa kumeneko ndi 20.

Botolo lisungeni choimika, osati chogoneka ngati vinyo, chifukwa mowa wamphamvu umadya chotsekera. Likhale m'kabati, kutali ndi dzuwa ndi zenera. Wisiki sakula m'botolo: wa zaka 12 adzakhalabe wa zaka 12 ngakhale mumusunge mpaka ukwati wa mdzukulu. Likatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, mpweya umachuluka m'kati ndipo fungo lopepuka lija ndilo limayamba kuthawa, choncho tsanulirani wotsalayo m'kabotolo kakang'ono kagalasi kotseka bwino, mulembepo dzina ndi tsiku.